Phukusi la zikumbutso za Vostok ndi Apollo la pa intaneti: masitampa ndi enieni, siginecha ndiyo yabodza

Pa misika ya pa intaneti monga eBay ndi Delcampe pamapezeka maphukusi osakaniza omwe ogulitsa a kum'mawa kwa Ulaya amati ndi zikumbutso za maulendo oyamba a anthu m'mlengalenga. Chithunzi chotsatsira chimakhala chimodzimodzi: mulu wa masitampa, mabaji atamwazidwa, maenvulopu angapo, ndalama zachitsulo, ndipo pamwamba penipeni, pomwe diso liyambire, khadi losainidwa la Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita m'mlengalenga. Phukusi lomwe tikuunika pano ndi la mtundu womwewo. Wogulitsa sitimutchula, poti alipo ambirimbiri ndipo katundu wawo amangofanana ngati milu ya tomato pamsika wa Kwachena. M'katimo munali masitampa 100, mabaji 20, maenvulopu 5, zigamba zopeta 3, ndalama 2 ndi khadi limodzi losainidwa. Mtengo wake unali ma euro 40, osawerengera zonyamulira.

Chigamulo tineneretu. Gulani ngati mtima wanu uli pa masitampa, mabaji ndi ndalamazo. Koma musawonjezere ngakhale metikali imodzi chifukwa cha siginecha.

Tiyambe ndi khadilo, poti ndi lomwe limakopa anthu. Ndi positikhadi ya ku Soviet Union, Gagarin ali mu yunifolomu ya usilikali, m'munsimu muli siginecha ya inki yabuluu yooneka bwino kwambiri. Ndiye litembenuzeni. Mapositikhadi a dziko lija ankakhala ndi timalemba ting'onoting'ono kumbuyo tosonyeza amene adasindikiza, kuchuluka kwa makope, mtengo ndi chaka. Pa ili palembedwa 1976. Gagarin adamwalira pa 27 Malichi 1968, ndege ya MiG-15 yomwe ankayeserera itagwa. Ndiye kuti adasaina pepala lomwe lidapangidwa patatha zaka 8 iye chimwalirireni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyeza kumeneku sikufuna chida chilichonse, ndipo kumagwiranso kwa Vladimir Komarov yemwe adafera mu Soyuz 1 mu Epulo 1967, komanso kwa Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee omwe adapsa m'chombo cha Apollo 1 pa 27 Januwale 1967. Chaka cha pepala chikaposa chaka cha imfa, nkhani yatha.

Masiginecha a anthu a ku America ali ndi vuto lina. NASA, bungwe la boma loona za maulendo a m'mlengalenga, inkalandira makalata ochuluka opempha siginecha, choncho inkagwiritsa ntchito makina otchedwa autopen, omwe amagwira cholembera chenicheni n'kumatsatira chikombole cha siginecha. Inkiyo ndi yeniyeni, koma munthu sadagwireko. Tengani galasi lokuzira zinthu kakhumi, lija ena amati lupa, muyang'ane mzere. Dzanja la munthu limatsindika pena n'kupepuka pena, ndipo pomaliza limachoka pang'onopang'ono ngati mchira. Makina amalemba mzere wonenepa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, amasiya kadontho pomwe cholembera chatera ndi pomwe chanyamuka, ndipo pokhota mzere umanjenjemera. Mukapeza masiginecha awiri omwe mukawasanjikiza pawindo akugwirizana ndendende, onsewo ndi a makina. Palinso ongosindikizidwa pamodzi ndi chithunzi. Amenewa pa galasi amaoneka timadontho ta mitundu, ndipo mukapendeketsa pepala padzuwa inki siwala mosiyana ndi pepalalo. Za Neil Armstrong, munthu woyamba kuponda pamwezi, dziwani kuti adasiya kusainira anthu cha m'ma 1994 ataona kuti anthuwo akugulitsa masiginechawo, n'chifukwa chake dzina lake ndi lomwe akuba amalikonda kwambiri. "Satifiketi" yobwera ndi siginecha ndi pepala chabe lomwe wogulitsa yemweyo wadzilembera.

Masitampa ndiye mtima wa phukusili, ndipo apa sitinapeze chabodza. A ku Soviet Union anali 46. Mumawadziwa ndi malemba ooneka ngati CCCP. A mayiko ogwirizana nalo, monga East Germany, Hungary, Poland, Czechoslovakia, Romania, Bulgaria, Mongolia ndi Cuba, anali 31. Ena 18 anali a Ajman, Manama ndi Fujeira, madera a ku Arabia, komanso a Equatorial Guinea, ndipo 5 a ku America.

Pafupifupi onse a m'magulu atatu oyambawo ali ndi chidindo chaukhondo pakona, kagawo ka bwalo kosadetsa chithunzi, koma kumbuyo guluu ali mbee, sadanyowepo. Sitampa yomwe idayendadi pa kalata singakhale choncho. Amenewa ankadindidwa ali pa mapepala athunthu, osapita ku positi, n'kugulitsidwa kunja motchipa kuti boma lipeze ndalama zakunja. Osonkhanitsa masitampa amawatcha CTO. Si abodza, boma ndi lomwe lidawatulutsa, koma adachuluka zedi moti mtengo wa imodzi ndi wa switi. Wina akakuuzani kuti sitampa ya Gagarin ya 1961 ndi chuma chifukwa ndi yakale, akukunamizani kapena nayenso adanamizidwa. A Ajman ndi anzake aja ndi akuluakulu, owala, ena a siliva ndi golide wa pepala, koma adapangidwira ogula a kunja basi ndipo osonkhanitsa ambiri sawawerengera. Ana amawakonda, apatseni.

Chokoma cha masitampa a Soviet a 1961 mpaka 1964 n'chakuti zombo zojambulidwapo si zenizeni. Maonekedwe a Vostok, chombo chomwe Gagarin adakwera, anali chinsinsi cha boma. Chombocho chidaonetsedwa poyera mu 1965, ndipo roketi yake idakaonekera kunja pa chionetsero cha ndege cha ku Paris mu 1967. Choncho ojambula ankangopeka: zombo zosongoka ngati chipolopolo, zina za mapiko, pomwe chenicheni chomwe Gagarin adakhalamo pa 12 Epulo 1961, pa ulendo wa mphindi 108 uja, chinali chozungulira ngati mpira. Mukayika sitampa ya 1961 pambali pa ya m'ma 1970 yosonyeza Vostok yeniyeni, mwaphunzitsa mwana mbiri ya nthawi imeneyo popanda buku. M'phukusili munali masitampa a Gherman Titov yemwe adazungulira dziko ka 17 mu Ogasiti 1961, a Valentina Tereshkova wa Vostok 6 mu Juni 1963, ndi a Alexei Leonov yemwe adatuluka m'chombo kwa mphindi 12 pa 18 Malichi 1965. Ndi poyambira pabwino.

A ku America asanu aja adasankhidwa mwanzeru. Pali ya masenti 4 ya Project Mercury (maulendo oyamba a anthu a ku America m'mlengalenga), yomwe idasindikizidwa mobisa n'kutumizidwa ku mapositi m'maphukusi omata, kenako idayamba kugulitsidwa pa 20 Febuluwale 1962 John Glenn atangotera bwinobwino. Pali ya masenti 6 ya Apollo 8 yosonyeza dziko likutuluka kuseri kwa mwezi, ya masenti 10 ya munthu woyamba pamwezi yojambulidwa ndi Paul Calle, ndi awiri olumikizana a Apollo–Soyuz, ulendo wa chombo cha America ndi cha Soviet mu Julayi 1975. Zombo ziwirizo zidakumana pa 17 Julayi, patangotha masabata atatu Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni. Masitampa awiriwa musawalekanitse, amawerengedwa ali pamodzi.

Zolakwika zilipo. Masitampa 7 anali oduka mano, 3 opyapyala kumbuyo pomwe wina adamatula kapepala komatira mwankhanza, ndipo 9 anali obwereza. Kupyapyala kumaoneka mukayang'ana sitampa moloza kuwala: pamakhala kachigawo kowala kuposa pena ponse. Pa masitampa 100 otchipa, zimenezi n'zopirira.

Pano tipatuke pang'ono, chifukwa kuno ku Tete zinthu zabwino kuposa za m'phukusi zikhoza kukhala m'nyumba mwanu momwemo. Dziko litangolandira ufulu, akatswiri a ku East Germany adagwira ntchito ku migodi ya malasha ya Moatize, anthu athu ambiri adakagwira ntchito ku Germany komweko, ena adakaphunzira ku Soviet Union ndi ku Cuba. Imeneyo ndi nthawi yomwe Sigmund Jähn wa ku East Germany adapita m'mlengalenga mu Ogasiti 1978, ndi Arnaldo Tamayo Méndez wa ku Cuba mu 1980, munthu woyamba wa magazi a ku Africa kufika kumeneko. Mayiko onsewo adatulutsa masitampa ndi mabaji a maulendo amenewa. Kalata yomwe idachokadi ku Havana kapena ku Berlin n'kufika ku Moatize, ili ndi sitampa yotere, adiresi ndi zidindo zonse, imaposa masitampa a CTO odzaza dzanja. Kapempheni mwaulemu kwa agogo kapena amalume kuti akutsegulireni sutikesi ija ya pansi pa bedi. Mukaipeza musadule, musamatule sitampa, musanyike m'madzi. Envulopu yathunthu ndiyo umboni.

Maenvulopu asanu a m'phukusi ndi pomwe pakufunika diso. Yoyamba wogulitsa adailemba kuti "ya kumwezi". Ili ndi sitampa ya masenti 10 ija ndi zidindo ziwiri: china cha Washington, 9 Sepitembala 1969, china chonena za kutera pamwezi, 20 Julayi 1969. Chachiwirichi n'chomwe chimapusitsa anthu. Ndi chongofanizira, chidadindidwa ku Washington konko pa maenvulopu a tsiku loyamba kugulitsa sitampayo, ndipo maenvulopu otere adaposa 8 miliyoni. Ndi yeniyeni, ndi yokongola, koma kumwezi sidapondeko. Ganizaninso: sitampa yotuluka mu Sepitembala ikanakhala bwanji pamwezi mu Julayi? Lamulo limeneli ligwiritseni pa envulopu iliyonse. Tsiku la chidindo lisatsogole tsiku lomwe sitampa idatuluka.

Yachiwiri ili ndi chidindo cha sitima ya pamadzi ya USS Hornet, 24 Julayi 1969, tsiku lomwe idavuula Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins m'nyanja ya Pacific. Sitinaione vuto, ndipo pa zisanuzi ndi yomwe tingasunge poyamba. Yachitatu ndi ya chidindo cha Baikonur, pomwe Gagarin adanyamukira, 12 Epulo 1961, ndipo imeneyi ndi yobwezedwa tsiku. Malo oulutsira zombo anali obisika, ali pafupi ndi siteshoni ya njanji ya Tyuratam, ndipo dzina la Baikonur adabwereka kwa tauni ina yakutali makilomita mazana angapo pofuna kusocheretsa azondi. Chidindo cha positi cha pamalo oulutsirapo chidayamba kugwira ntchito mu 1975. Chilichonse cha tsiku la m'mbuyo mwa apo chidadindidwa pambuyo pake. Msampha wofanana nawo uli ku America: positi ya Kennedy Space Center idatsegulidwa pa 1 Julayi 1965, ndiye chidindo chake sichingakhale pa ulendo wa Mercury. Ziwiri zotsalazo, ya tsiku lokumbukira ulendo wa Gagarin ndi ya Apollo–Soyuz, ndi zawamba koma zenizeni.

Maenvulopu omwe adakweradi chombo alipo, koma ali ndi mbiri yodziwika ndipo sagulitsidwa pamulu. Otchuka ndi a Apollo 15 mu 1971, pomwe David Scott, Alfred Worden ndi James Irwin adatenga maenvulopu pafupifupi 400 popanda chilolezo, 100 mwa iwo n'kukagulitsidwa kudzera kwa wamalonda wa masitampa wa ku Germany, Hermann Sieger. Nkhaniyo itaphulika, atatuwo sadapitenso m'mlengalenga. Palinso omwe a Apollo 11 adasaina asananyamuke n'kusiyira mabanja awo kuti akagulitse ngati iwo sabwerako. Mukaona zoterezi pa mtengo wa thumba la chimanga, pitirirani.

Mabaji 20 onse ndi a Soviet ndipo onse ndi enieni. Palibe amene angataye nthawi kupanga abodza a zinthu zomwe zidapangidwa mamiliyoni. Mwa iwo 17 ndi a aluminiyamu wopakidwa utoto, opepuka ngati chitsekerero cha botolo. Kumbuyo kwa ambiri kuli chizindikiro cha fakitale ndi mtengo wake wa nthawi imeneyo, monga makopeki 10 kapena 15. Atatu ndi a mkuwa wothiridwa enamelo wowotcha, olemera m'dzanja, osalala ngati galasi, ndipo amenewa ndiwo amtengo pang'ono. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: gogodani pang'ono ndi chikhadabo, wa aluminiyamu amalira mopepera. Anayi anali ndi singano ya dzimbiri. Dzimbiri limeneli chotsani ndi kamtengo kotokosera m'mano konyowetsedwa ndi kadontho ka mafuta a makina osokera, kenako pukutani mpaka kuuma. Kumaso kwa baji pukutani ndi nsalu youma yofewa basi. Mankhwala owalitsira zitsulo, phulusa kapena mchenga zimachotsa utoto ndi golide wonyengezera uja kamodzi n'kamodzi, ndipo sabwereranso.

Zigamba zitatu zidatikhumudwitsa, ngakhale wogulitsa sadanene kuti n'zakale, adangosiya kuti wogula adziganizire yekha. Zonse zili ndi pulasitiki wonyezimira kumbuyo, womatira ndi simbi, ndipo ulusi wake ndi wowala kwambiri. Zopeta za m'nthawi ya Apollo kumbuyo kwake kumakhala nsalu yokhayokha, ulusi ukuoneka, pena kansalu kopyapyala ngati bandeji. Odziwika popanga za nthawi imeneyo ndi AB Emblem ndi Lion Brothers. Cha Apollo 11 chajambulidwa molondola: chiwombankhanga chikutera pamwezi chitagwira nthambi ya azitona ndi zikhadabo, popanda mayina a anthu atatu aja, monga momwe chenicheni chidaliri. Cha Gemini 5 chili ndi ngolo yofunditsidwa, ndipo ulendo umenewo wa Gordon Cooper ndi Pete Conrad mu Ogasiti 1965 ndi woyamba ku America kukhala ndi chigamba chakechake. Apa ndiye mudziwe kuti chachitatucho, cholembedwa Friendship 7, dzina la chombo cha Glenn, iye sadavalepo mu 1962. Zigamba zonse za Mercury zidapekedwa pambuyo ngati zokumbukira. Ndiponso pa zovala zoulukira za Apollo, moto wa 1967 utachitika, ankasokerapo zizindikiro zosindikizidwa pa nsalu ya ulusi wa galasi yosagwira moto, osati zopetazi. Zitatuzi sokerani pa chikwama cha mwana wa sukulu, zikhala bwino.

Ndalama ziwiri zonse zidapambana mayeso. Yoyamba ndi ruble imodzi ya 1981 yokumbukira zaka 20 za ulendo wa Gagarin. Yeniyeni imakhala mamilimita 31 m'mimba mwake, imalemera magalamu 12.8, ili ndi malemba m'mphepete, ndipo maginito saigwira chifukwa ndi ya kopa wosakaniza ndi nikelo. Yachiwiri ndi dola ya Eisenhower ya 1972, yomwe kumbuyo kwake kuli chiwombankhanga cha Apollo 11 chija. Ndi yayikulu, mamilimita 38.1, magalamu 22.68. Anthu amaiyesa ya siliva. Yang'anani m'mphepete: mukaona mzere wofiirira wa kopa pakati, siliva mulibe. Za siliva wa magawo 40 pa 100 zimalemera magalamu 24.59 ndipo zili ndi chilembo S. Kasikelo ka digito komwe ogula golide amayendera nako kakukwanira kuyezera zonsezi, bola kaziwerenga mpaka 0.01. Ndalama musazikweche, ngakhale zitada. Yokwechedwa mtengo wake umagwa kuposa yakuda.

Cholakwa chachikulu cha phukusili si siginecha ayi, poti iyo mungoiika pambali. Ndi pulasitiki yomwe adakutira zinthu. Ndalama ndi maenvulopu zidabwera m'timatumba tofewa, tonunkha ngati nsapato zapulasitiki zatsopano, togwirika ngati tamafuta. Imeneyo ndi PVC. Ikatenthedwa imatulutsa mafuta omwe amaifewetsa aja pamodzi ndi asidi, ndipo zotsatira zake ndi utoto wobiriwira wonanda pa ndalama, ndi inki ya chidindo kusamukira pa pulasitiki. Ku Ulaya kozizira zimenezi zimatenga zaka. Mumzinda wa Tete, pomwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa apo, sizichedwa. Tsiku lomwe phukusi lafika, tulutsani zonse m'timatumbato n'kutitaya. Ngati pulasitiki ili ndi nambala m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu, 3 ndiye PVC, pomwe 5 ndi 1 n'zabwino. Ikakhala yopanda nambala, tenthetsani kawaya ka kopa pamoto, kakhudzitseni pa pulasitikiyo, n'kukabwezera pa lawi. Likasanduka lobiriwira, ndi PVC. Chitirani panja. Ndalama yomwe yayamba kale kunanda iviikeni mu asetoni weniweni kwa mphindi zochepa m'kabotolo kagalasi, kutali ndi moto, n'kuisiya iume yokha osapukuta. Wochotsera utoto wa zikhadabo ayi, amakhala ndi mafuta ndi zonunkhiritsa. Ndipo asetoniyo asayandikire mabaji, amasungunula utoto.

Kasungidwe kamasiyana ndi komwe mukukhala. Kuchigwa, ku Tete, Moatize ndi Changara, adani ndi kutentha ndi fumbi, makamaka la malasha lomwe likalowa m'pepala silichoka. Kumtunda, ku Ulongué, Tsangano ndi Furancungo, mdani ndi chinyezi cha dzinja ndi nkhungu. Masitampa a CTO aja, poti akadali ndi guluu, ndi omwe amayamba kuonongeka: chinyezi chimafewetsa guluu, kulemera kwa mabuku kumawakanikiza, ndipo pofika Malichi mupeza amatirira pa tsamba. Pambuyo pake pamabwera timadontho tofiirira ngati dzimbiri, tomwe timayambira m'mano a sitampa n'kumafalikira kwa anzake. Choncho alubamu iziima chilili ngati buku pa shelefu, isagone, ndipo musasanjikepo kanthu. Iikeni m'bokosi la pulasitiki lolimba la chivundikiro chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, tokwana dzanja limodzi pa bokosi la malita 10. Silika akakhuta madzi sagwiranso ntchito, muumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri, mutamukhuthulira m'mbale yachitsulo, kamodzi mvula isanayambe ndi kamodzi pakati pa dzinja. Bokosilo likhale m'chipinda chozizirirapo, pamwamba pa thabwa, losagunda khoma lakunja. Pansi pali chiswe, ndipo mphemvu zimakonda guluu wa sitampa ngati uchi. Kamodzi pamwezi, tsiku louma, tsegulani alubamu mupatule masamba kuti mpweya udutse. Sitampa yomwe yagwidwa madontho ichotseni msanga pakati pa zinzake.

Masitampa a CTO omatirira si otayika. Anyikeni m'madzi ofunda pang'ono, oti chala sichikumva kutentha, kwa mphindi 10 mpaka 15, adzamatuka okha. Osawakoka. Atsukuluzeni m'madzi ena oyera kuti guluu yense achoke, ayanikeni chafufumimba pa pepala loyera losalembedwa, ndipo akatsala pang'ono kuuma apanikizeni pakati pa mapepala pansi pa buku lolemera usiku umodzi. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamuka. Kwa ife a kuno, sitampa ya CTO yochotsedwa guluu ndi yosavuta kusunga, ndipo pa mtengo wake simunataye kanthu. Koma yosadindidwa, guluu wake ndi gawo la mtengo, isakhudze madzi. Pogwira masitampa gwiritsani kopanira ka nsonga zophwatalala zosalala. Ka nsidze kali ndi mano, kamaboola. Zala za thukuta la ku Tete zimasiya chidindo chomwe chimadzaonekera patatha chaka. Selotepi, guluu wa ku ofesi ndi makina omatira mapepala m'pulasitiki zonsezi ndi imfa ya sitampa ndi envulopu. Ndipo chomwe mukufuna kupachika pakhoma chikhale fotokope, chifukwa dzuwa lathu limafufutitsa utoto wofiira ndi inki ya siginecha m'miyezi yowerengeka.

Kufikitsa phukusi kuno ndi nkhani ina. Boma lidathetsa kampani ya Correios de Moçambique mu 2021, ndiye musavomere wogulitsa akati atumiza pa positi wamba popanda nambala yolondolera. Njira yodalirika ndi makampani onyamula katundu mwachangu, koma mtengo wawo pa kaphukusi kosakwana theka la kilo utha kuposa wa katunduyo, ndipo ku alfandega muyembekezere IVA ya 16 pa 100 ndi zina zomwe angawerengere. A ku Angónia omwe ali ndi abale ku Dedza kapena ku Lilongwe atha kulembetsa adiresi ya kumeneko n'kukatenga podzera pa Calómuè. Chanzeru n'kugwirizana anthu atatu kapena anayi, kugula kwa wogulitsa mmodzi, n'kumupempha amange zonse pamodzi. Mumuuzenso kuti mabaji ndi ndalama azikulunge padera. M'phukusi lathuli singano ya baji idaboola envulopu ya Apollo–Soyuz pakona, chifukwa zonse zidangothiridwa m'thumba limodzi. Musanalipire pemphani zithunzi za kumbuyo kwa khadi losainidwa, kwa zigamba ndi kwa maenvulopu. Wogulitsa wachilungamo amatumiza tsiku lomwelo. Wozemba wakuyankhani kale.

Chomwe mulibe m'phukusili, koma chimabwera kawirikawiri pa malonda ofanana nalo, ndi kachidutswa ka pepala lagolide komatidwa pa khadi, akuti kadachotsedwa pa chombo cha Apollo, kapena kabotolo ka "dothi la kumwezi". Kachidutswa kangati njere ya mpunga palibe njira yokatsimikizira kunyumba, mukungogula mawu a munthu. Za miyala ndiye zoopsa. Yomwe a Apollo adabweretsa ndi katundu wa boma la America, ndipo ngakhale lamulo la 2012 lomwe lidalola oyenda m'mlengalenga a Mercury, Gemini ndi Apollo kukhala eni a zikumbutso zawo lidapatula miyala ya kumwezi. Kamwala komwe America idapatsa dziko la Honduras kadalandidwa mu 1998 wina akufuna kukagulitsa madola 5 miliyoni. Timiyala titatu tomwe chombo cha Soviet chopanda munthu cha Luna 16 chidabweretsa mu 1970 tidagulidwa madola 855,000 ku Sotheby's mu 2018. Kuno kwathu ogulitsa miyala ndi ambiri, ndipo mwala wakuda wa m'mbali mwa Zambezi ukaikidwa m'kabotolo suvuta kuupatsa dzina.

Tikachotsa khadi labodza, envulopu ya Baikonur, zigamba zitatu ndi masitampa oduka ndi obwereza, patsala masitampa pafupifupi 80, mabaji 20, maenvulopu 4 ndi ndalama 2. Pa ma euro 40 ndi mtengo woyenera kwa woyamba kumene, kapena kwa aphunzitsi ofuna zoonetsa ana m'kalasi. Kwa amene ali kale ndi masitampa a Soviet okwana alubamu, phukusi lachiwiri lotere lingomubweretsera zobwereza. Ndalama yomweyo aigwiritse pogula chinthu chimodzi chomwe m'muno mulibe, monga ruble ya Tereshkova ya 1983, n'kutsalako ya alubamu ya masamba 16 ndi kopanira masitampa.